Kudya, Kukhuta ndi Kukumbukira

Chaka chilichonse, Lachinayi likafika kachinayi m'mwezi wa Novembala, ntchito zambiri m'dziko la United States of America zimaima. Sukulu zimatsekedwa, maofesi a boma satsegula, ndipo misewu ikuluikulu pamodzi ndi mabwalo a ndege zimadzaza ndi anthu obwerera kwa makolo awo. Tsikuli amalitcha Thanksgiving, ndiko kunena kuti Tsiku Lothokoza. Kwathu kuno mwezi umenewu ndi wa mvula yoyamba, pamene makasu ali m'manja ndipo nkhokwe zayamba kupepuka. Kumeneko ndi kumapeto kwa masika: zokolola zalowa kale, masamba a mitengo ayoyoka, ndipo chisanu chili pakhomo.

Wina angafunse kuti, kodi mwambo wa anthu akutali chotere utikhudza bwanji ife ophunzira a Sukulu ya Sabata? Utikhudza chifukwa pa gome la tsiku limeneli pali funso limene munthu aliyense wodya nakhuta ayenera kuliyankha, kaya akudya nkhukundembo kaya nsima ya nyemba. Funsolo ndi ili: kodi munthu angayamike Mulungu moona pamene waiwala anthu amene Mulunguyo anamdyetsa kupyolera mwa iwo? Tiyeni tiyambe taona chimene chili pa gomelo, kenaka tifunse kumene chinachokera.

Zimene Zimakhala pa Gome

Pakati pa gome pamakhala nkhukundembo yathunthu, yowotchedwa mu uvuni kwa maola atatu kapena anayi. M'mimba mwake amaikamo zidutswa za buledi zosakaniza ndi anyezi ndi masamba onunkhiritsa. Alimi a mbalamezi amati nkhukundembo pafupifupi 46 miliyoni zimadyedwa pa chikondwerero chimenechi chaka chilichonse. Pambali pake pamakhala mbatatesi zophika ndi kuzisinja pamodzi ndi mkaka ndi batala, msuzi wochokera ku nyama yomweyo, mbatata ya kholowa, mkate wa ufa wa chimanga wofanana ndi chigumu chathu, ndiponso tizipatso tofiira towawasa totchedwa cranberry, tophikidwa ndi shuga. Pomaliza amadya maungu opota osakaniza ndi mazira, mkaka ndi shuga, owotchedwa m'chikhokho cha ufa wa tirigu.

Banja lililonse limawonjezerapo zake. Mabanja ambiri a anthu akuda, makamaka a kumwera kwa dzikolo, sakhala opanda makaroni a tchizi ndi ndiwo za masamba zophikidwa nthawi yaitali. Mabanja ochokera ku Mexico kapena ku Asia amaika zakudya za kwawo pafupi ndi nkhukundembo. Abale athu amene sadya nyama amaumba mkate wa mtedza, soya kapena tirigu m'malo mwake. Zina mwa zakudya zimene anthu amaziyesa za makolo akale n'zatsopano ndithu. Mbale ya zitheba zowotchedwa ndi msuzi wa bowa, imene imapezeka m'nyumba zochuluka, anaiyambitsa ndi Dorcas Reilly m'chaka cha 1955, akugwira ntchito ku kampani ya Campbell.

Asanayambe kudya, mabanja ambiri amagwirana manja napemphera. Ena amazungulira gome, aliyense, kuyambira gogo kufikira kamwana, natchula chinthu chimodzi chimene akuthokozera chaka chimenecho. Ana awiri amakokerana kafupa kamphanda ka pachifuwa pa nkhukundembo kuti aone amene atsale ndi mbali yaikulu. Mmawa anthu amaonera chionetsero cha sitolo ya Macy's m'misewu ya New York, chimene chinayamba mu 1924, ndipo masana amaonera mpira wa Chimereka, umene timu ya Detroit Lions inayamba kusewera pa tsikuli mu 1934. Mikute ya phwandoli imadyedwa kwa masiku angapo otsatira.

Mu zonsezi muli zokoma zambiri. Dziko limene limapatula tsiku loti ana abwerere kwa makolo, ndi kuti anthu atchule madalitso awo mokweza, lachita chinthu chanzeru. Komatu mwambo uliwonse uli ndi nkhani imene umadzisimbira, ndipo nkhani ya mwambo uwu ndi ya phwando la m'chaka cha 1621.

Phwando la mu 1621

M'mwezi wa Seputembala 1620, chombo chotchedwa Mayflower chinanyamuka ku England ndi anthu apaulendo 102. Ena mwa iwo anali Akhristu amene anapatuka ku mpingo wa boma wa England, nakhala ku Holland zaka zoposa khumi pofuna ufulu wa chipembedzo. Atayenda panyanja masiku 66, anafika ku Cape Cod mu Novembala, ndipo mwezi wotsatira anasankha malo amene tsopano ndi Plymouth, m'chigawo cha Massachusetts. Anafika nthawi yoipa. Chisanu, njala ndi matenda zinapha pafupifupi theka la iwo miyezi yozizirayo isanathe.

Otsalawo anadzala, ndipo chimanga chinabereka. Edward Winslow, mmodzi wa atsogoleri awo, analemba kalata mu Disembala 1621 yofotokoza zimene zinachitika atakolola. Bwanamkubwa William Bradford anatuma amuna anayi kukasaka mbalame. Kenaka kunafika Massasoit, mfumu ya anthu a mtundu wa Wampanoag, eni dzikolo, pamodzi ndi amuna ake okwana 90. Iwowa anapha nswala zisanu nazipereka ku phwandolo, ndipo anthu anadya pamodzi masiku atatu. Angerezi anali pafupifupi 50 okha, kotero kuti eni dziko ndiwo anali ochuluka. Mbatatesi panalibe, ndipo mkate wa maungu umene uli wotchuka lero sukanatheka popanda uvuni ndi batala.

Tizindikirenso kuti kwa Angerezi amenewa, tsiku lothokoza lenileni linali tsiku la mapemphero, losiyana ndi chikondwerero cha zokolola. Tsiku lotero anachita mu 1623, mvula itagwa pambuyo pa chilala chimene chinatsala pang'ono kuwotcha chimanga chawo. Phwando la mu 1621 linadzatchedwa Tsiku Lothokoza loyamba patapita zaka zoposa 200.

Manja Amene Anapereka

Werengani Deuteronomo 6:10-12. Aisrayeli ali pafupi kulowa m'Kanani, Mose anawachenjeza kuti adzalandira midzi imene sanamange, zitsime zimene sanakumbe ndi minda ya mpesa imene sanaoke, ndi kuti ngozi yawo yaikulu idzafika pamene adya nakhuta. Chenjezo limeneli likugwirizana ndi mbiri ya Plymouth modabwitsa.

Poyamba, minda imene Angerezi anadzalamo inali yolambulidwa kale. Pamalopo panali mudzi wa Patuxet, umene anthu ake anatha ndi mliri umene unasesa gombe lonselo pakati pa 1616 ndi 1619, mliri umene akatswiri a mbiri amati unadza ndi zombo za ku Ulaya. Alendowo anapeza bwinja ndi minda yopanda mwini.

Chachiwiri, mbewu imene anadzala sinali yawo. Mu Novembala 1620, akuyendayenda ku Cape Cod, anapeza madengu a chimanga amene eni dziko anakwirira mumchenga, ndipo anawafukula nawatenga. Malowo mpaka lero amatchedwa Corn Hill, ndiko kuti phiri la chimanga. Bradford anaona m'zimenezi dzanja la Mulungu lowapulumutsa ku njala, ndipo analemba kuti patapita miyezi ingapo analipira eni chimangacho. Sitikukana kuti Mulungu anawasunga. Koma tiyenera kuonanso kuti chimene Mngerezi anachitcha chisamaliro cha Mulungu, kwa mayi amene anakwirira madenguwo chinali nkhokwe yofukulidwa m'nyengo ya chisanu.

Chachitatu, nzeru ya kulima chimangacho anawapatsa ndi munthu wina, dzina lake Tisquantum, amene ambiri amamudziwa kuti Squanto. Iyeyu anali wa ku Patuxet komweko. Mu 1614 woyendetsa chombo wa Chingerezi, Thomas Hunt, anamugwira pamodzi ndi anzake napita nawo ku Málaga, m'dziko la Spain, kukawagulitsa ukapolo. Tisquantum anapulumuka, nakafika ku London kumene anaphunzira Chingerezi, ndipo pobwerera kwawo mu 1619 anapeza mudzi wonse utatha. Munthu ameneyu, wobedwa ndi Mngerezi, wopanda mbale wotsala pamudzi, ndiye anaphunzitsa Angerezi kukwirira nsomba m'phando kuti chimanga chikule bwino, nawamasulira pamene anapangana za mtendere ndi Massasoit mu Marichi 1621.

Palinso manja ena. Mwa amayi 18 amene anakwera Mayflower, anayi okha ndiwo anali moyo pa nthawi ya phwandolo. Odya anali oposa 140, ndipo anadya masiku atatu. Winslow anatchula osaka mbalame ndi opha nswala, koma sanatchule wophika ndi mmodzi yemwe. Kodi si mmene zimakhalira mpaka lero? Amene anadzuka mbandakucha kukasonkha moto kawirikawiri ndi amene amakhala pansi pomalizira, ndipo pemphero lothokoza limatha dzina lake lisanamveke.

Paulo anafunsa Akorinto kuti atchule chinthu chimodzi chimene anali nacho chimene sanachite kulandira (1 Akorinto 4:7). Mulungu angathe kugwetsa mana kuchokera kumwamba, ndipo anatero zaka 40 m'chipululu. Koma masiku ambiri amatidyetsa kupyolera mwa mlimi, wogaya, wonyamula ndi wophika. Munthu wonena kuti akuyamika Wopatsa, pamene sakufuna kudziwa amene anatumidwa ndi mphatsoyo, akufanana ndi wolandira mtolo kwa mfumu nathamangitsa mthenga pakhomo osampatsa ndi madzi omwe.

Zimene Zinatsatira

Ife timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo a ku Plymouth sanakamuke. Zombo zina zinafika, midzi ya Angerezi inachuluka, ng'ombe ndi nkhumba zawo zinalowa m'minda ya eni dziko, ndipo malo anapita pang'onopang'ono. Mtendere umene Massasoit anapangana unakhala zaka zoposa 50, koma mu 1675 kunabuka nkhondo yoopsa yotsogozedwa ndi mwana wake, Metacom, amene Angerezi ankamutcha King Philip. Anthu zikwizikwi anafa, a mbali zonse ziwiri, koma ochuluka anali eni dziko. Metacom anaphedwa mu Ogasiti 1676. Mutu wake unapachikidwa pa mtengo ku Plymouth kwa zaka zambiri, ndipo mwana wake wamng'ono, mdzukulu wa mfumu imene inabweretsa nswala zisanu zija, anagulitsidwa ukapolo kutsidya kwa nyanja. M'mwezi womwewo Plymouth inachita tsiku lothokoza chifukwa cha chipambanocho.

Apa tiime pang'ono. Pali kuthokoza kumene Mulungu sakulandira. Mfarisi wa m'fanizo la Yesu anayamba pemphero lake ndi mawu oyamika, koma chimene anali kuyamikira chinali chakuti iye sanali monga munthu woima chapatali uja (Luka 18:9-14). Mawu ake anali opita kwa Mulungu, koma mtima wake unali kudzisirira wokha. Yesu anati munthuyo anabwerera kwawo wosayesedwa wolungama. Chotero mawu akuti zikomo pawokha sayeretsa chilichonse. Angathe kukhala nsalu yophimbira chimene sitikufuna kuchiona.

Mu 1970, pokumbukira zaka 350 chifikire Mayflower, akuluakulu a ku Massachusetts anaitana Wamsutta Frank James, mmodzi wa atsogoleri a Awampanoag, kuti adzalankhule pa phwando. Ataona zimene analemba, anakana kuti azinene. Iye ndi anzake anakasonkhana pa chitunda cha Cole's Hill ku Plymouth, pafupi ndi chipilala cha Massasoit, nalengeza Tsiku la Maliro. Kuyambira chaka chimenecho, pa tsiku lomwe mabanja ambiri akudula nkhukundembo, gulu la eni dziko ndi abwenzi awo limasonkhana pamenepo kulira makolo awo.

Kuthokoza Pakati pa Misozi

Kodi tsono tinene kuti Tsiku Lothokoza ndi chinyengo, ndipo munthu woona mtima ayenera kulikana? Tisanayankhe, tione mmene tsikuli linakhalira la dziko lonse.

George Washington analengeza kuti 26 Novembala 1789 likhale tsiku lothokoza, koma silinakhale la chaka ndi chaka. Amene analimbikira kuti likhazikike anali Sarah Josepha Hale, mayi wamasiye amene analera ana asanu ndi ntchito ya cholembera, mkonzi wa magazini yotchedwa Godey's Lady's Book. Kwa zaka 17 analembera abwanamkubwa ndi apulezidenti, kufikira Abraham Lincoln anavomera. Chilengezo chinatuluka pa 3 Okutobala 1863, chaka chomwe mpingo wathu unakhazikitsidwa mwadongosolo ku Battle Creek.

Taganizirani nthawi yake. Dzikolo linali pakati pa nkhondo yapachiweniweni yokhudza ukapolo. Panali patangopita miyezi itatu chichitikire nkhondo ya ku Gettysburg, kumene asilikali pafupifupi 50,000 anaphedwa, kuvulala kapena kusowa m'masiku atatu. M'nyumba zambiri munali mpando wopanda mwini. Chilengezo cha Lincoln chinatchula zokolola zabwino ndi madalitso ena, koma sichinalekere pomwepo. Chinapempha anthu kuti pothokoza alapenso kusamvera kwa mtundu wawo, ndi kupereka kwa Mulungu amasiye, ana amasiye, olira ndi onse ovutika chifukwa cha nkhondoyo.

Tikuona pamenepa kuti pa nthawi ziwiri zazikulu za mbiri ya tsikuli, othokoza anali anthu olira. Mu 1621 ambiri a pa phwandolo, Angerezi ndi Awampanoag omwe, anali ataika abale m'manda posachedwa. Mu 1863 manda anali akukumbidwabe. Mneneri Habakuku anaphunzira kukondwera mwa Yehova mkuyu usanaphuke ndiponso khola lili lopanda kanthu (Habakuku 3:17, 18). Kuthokoza ndi kulira zimatha kukhala m'nyumba imodzi. Chimene sichingakhale pamodzi ndi kuthokoza ndicho kuiwala.

Kodi Ana Asenze Mlandu wa Makolo?

Pali mawu otsutsa amene tiyenera kuwamva mofatsa. Mayi wa ku Ohio amene waphikira ana ndi adzukulu ake masiku awiri sanaphe Metacom. Mwina makolo ake anafika ku America kuchokera ku Poland zaka 200 pambuyo pa nkhondoyo, kapena anafika ali m'maunyolo kuchokera ku Afirika. Kodi n'chilungamo kumuuza kuti chakudya chake chili ndi mwazi? Kodi sitikuwononga tsiku limodzi lokha limene banja lomwazikana limakumana mwamtendere?

Mawu amenewa ali ndi choonadi. Ezekieli 18:20 amaphunzitsa momveka kuti mwana sasenza mphulupulu ya atate wake. Palibe munthu amene adzaweruzidwe chifukwa cha tchimo limene linachitika iye asanabadwe. Ndiponso Baibulo silidana ndi phwando. Pamene anthu analira pomva chilamulo, Nehemiya anawaletsa kulira, nawauza kuti apite akadye zonona ndi kumwa zotsekemera, ndi kutumiza gawo kwa amene sanakonzeretu kanthu (Nehemiya 8:10).

Koma kusenza mlandu ndi kukumbukira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Danieli anali mnyamata pamene anatengedwa ukapolo, ndipo Malemba satchula tchimo lake ndi limodzi lomwe. Komabe popempherera Yerusalemu anadziwerengera pamodzi ndi mtundu wake, natchula machimo a mafumu ndi makolo monga nkhani ya banja lake (Danieli 9:4-19). Sanali kudzinamizira mlandu. Anali kukana kulandira cholowa cha Israyeli mwatheka, kutenga malonjezano n'kusiya mbiri. Munthu amene walowa m'munda wa malume ake salipira mlandu wa malumewo kubwalo, koma ngati malire a mundawo anasunthidwa usiku, sangadye zokolola zake monga wosadziwa. Mayi wa ku Ohio uja alibe mlandu, ndipo adye mokondwera. Chimene akuyenera kuchita n'chopepuka koma n'chofunika: posimbira adzukulu ake nkhani ya phwando loyamba, aisimbe yonse, ndi dzina la Tisquantum ndi la Metacom lomwe.

Dengu la Zipatso Zoyamba

Werengani Deuteronomo 26:1-11. Pano Mulungu anapereka dongosolo la kuthokoza, ndipo likuyankha funso lathu. Mwisrayeli akakolola, anayenera kuika zipatso zoyamba m'dengu ndi kupita nazo kwa wansembe. Kumeneko sanaloledwe kungonena kuti zikomo n'kubwerera. Anayenera kusimba mbiri, kuyambira pa kholo lake losowa pokhala, kutsikira ku Igupto, ukapolo, kulira, chipulumutso, kufikira pa munda umene dengulo lachokera. Mbali zochititsa manyazi sizinadumphidwe. Atatha kusimba, anayenera kukondwera, koma osati yekha: Mlevi wopanda munda ndi mlendo wopanda dziko anali ndi malo pa mphasa yake.

Chikondwerero cha Misasa chinali ndi phunziro lomwelo. Pa nthawi imene nkhokwe zinali zodzaza kwambiri, Mulungu analamula anthu kutuluka m'nyumba zawo zabwino nakhala m'misasa ya nthambi masiku asanu ndi awiri, kuti mibadwo yawo idziwe kumene anachokera (Levitiko 23:39-43). Ndipo m'chaputala chomwecho, pakati pa malamulo a zikondwerero, muli lamulo loti wokolola asamalize m'mphepete mwa munda, koma asiyire wosauka ndi mlendo (vesi 22). M'Malemba, kuthokoza kuli ndi miyendo itatu monga mafuwa: kutchula Wopatsa, kusimba mbiri moona, ndi kugawira wosowa. Mukachotsa fuwa limodzi, mphika umagwa.

Anthu ambiri a ku America amasunga fuwa lachitatuli mokhulupirika. Pa Tsiku Lothokoza mipingo ndi mabungwe othandiza amaphikira osowa pokhala, ndipo mabanja amaitana wophunzira wochokera kunja kapena mnansi wokalamba amene alibe kopita. Amenewa akutsata uphungu wa Yesu wakuti pokonza phwando tiitane amene sangathe kutibwezera (Luka 14:12-14). Makolo athu ankanena zomwezo mwachidule pamene ankati kupatsa n'kuika.

Pamene Kukhuta Kubala Njala Ina

Mose anati munthu wokhuta amayamba kuganiza kuti mphamvu ya dzanja lake ndiyo yampezera chumacho (Deuteronomo 8:11-18). Kuiwala kotere kumaonekeranso m'mbiri ya tsikuli. Mu 1939 mwezi wa Novembala unali ndi masiku a Lachinayi asanu, ndipo eni masitolo anadandaula kuti nthawi yogula za Khirisimasi ifupika. Pulezidenti Franklin Roosevelt anabweza Tsiku Lothokoza ndi sabata imodzi. Zigawo zina zinamvera, zina zinakana, kufikira nyumba ya malamulo inakhazikitsa tsiku limene likutsatidwa tsopano, mu Disembala 1941. Lachisanu lotsatira, lotchedwa Black Friday, linasanduka limodzi mwa masiku a malonda aakulu koposa m'chaka. Munthu amene dzulo anati ali nazo zokwanira, lero walawirira pakhomo pa sitolo.

Tisafulumire kuloza chala, pakuti mtima umenewu suli wa mtundu umodzi. Kudya mopyola muyeso pa tsiku lothokoza kuli ngati kuyamika mwini nyumba uku ukuthyola mipando yake, popeza thupi limene tikulilemetsalo nalonso ndi mphatso. Woyamika weniweni amadziwa mawu akuti zakwana. Mwini chuma wa pa Luka 12:16-21 anali ndi zokolola zoyenera chikondwerero chachikulu, koma m'zolankhula zake zonse simupezeka Mulungu, wantchito kapena mnansi. Anangolankhula ndi moyo wake za nkhokwe zake.

Mbale Yathu

Nkhani imeneyi ili pafupi nafe kuposa mmene tingaganizire. Chimanga chimene Tisquantum anaphunzitsa Angerezi kudzala ndi chomwechi chimene timachitcha moyo. Anayamba kuchilima ndi eni dziko a ku Mexico, ndipo chinafika ku Afirika ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Chisanafike, makolo athu ankadalira mapira ndi mawere. Maungu, nyemba, mbatata, chinangwa, mtedza ndi tomato zinachokeranso ku America, kumene alimi amene mayina awo sitidzawadziwa anasankha mbewu mibadwo ndi mibadwo. Tikamatema nsima, tikudya thukuta la anthu omwe aja amene mbiri inawaiwala pa gome la Tsiku Lothokoza. Nafenso tili m'munda umene sitinalambule tokha.

Akhate khumi anachiritsidwa, ndipo n'zosakayikitsa kuti onse khumi anakondwa. Koma mmodzi yekha, Msamariya, ndiye anabwerera (Luka 17:11-19). Kukondwa ndi mphatso kumadza kokha, ngakhale mwana wakhanda amakondwa akayamwa. Kuyamika kumafuna kuti munthu atembenuke, ayende njira imene mphatsoyo inadzera, kufikira atapeza kumene inachokera. Woyenda njira imeneyo adzafika pa mapazi a Yesu, koma panjira adzakumana ndi wophika, wolima, wamasiye amene anam'bwereka mbewu, ndipo mwina adzakumananso ndi wina amene analandidwa kuti iye akhale nazo. Sangawalambalale onsewa n'kufika kwa Ambuye ndi mawu akuti zikomo.

Mafunso Okambirana m'Kalasi

1. Taganizirani chakudya chimene munadya dzulo madzulo. Kodi mungatchule anthu angati amene manja awo anachikhudza chisanafike pa mbale yanu? Ndi angati mwa iwo amene munawathokozapo?

2. Kodi Ezekieli 18:20 ndi Danieli 9:4-19 akugwirizana bwanji? Pali zinthu zotani m'mbiri ya banja lanu, mudzi wanu kapena mpingo wanu zimene zimadumphidwa posimba madalitso?

3. Deuteronomo 26:11 amaika Mlevi ndi mlendo pa phwando la wokolola. Kodi Mlevi ndi mlendo wa m'dera lanu ndani, ndipo kalasi lanu lingawakonzere malo otani pa masika akudzawa?